Kodi ndigule lenzi yaitali kuti zithunzi zanga za m'tauni ya Salima zikongole?

Funso: Ndimakhala ku Salima ndipo ndili ndi kamera ya Canon imene ndinagula kwa munthu, pamodzi ndi lenzi yake ya 18-55mm. Ndimakonda kujambula moyo wa anthu pa Kamuzu Road, mumsika ndiponso kunyanja ku Senga Bay, koma nkhope zimatuluka zakuda bii, akabaza amaoneka mwachimbuuzi, ndipo chithunzi chimangodzaza ndi zinthu. Ndikaika pa WhatsApp anzanga amangoti zili bwino. Ndatumiza zithunzi zitatu. Kodi ndigule lenzi ya 300mm kuti ndizijambula ndili patali?

Yankho: Achimwene, lenziyo musagule pakadali pano. Ndaziyang'anitsitsa zithunzi zanu zitatu, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene lenzi yaitali ikanachikonza. Chilichonse chili ndi vuto lakelake, ndipo vuto lililonse lili ndi mankhwala ake amene ali kale m'kamera yanu kapena m'miyendo yanu. Chimene chikukusowani ndi munthu woti aziloza vutolo ndi chala, komanso luso loti muzililoza nokha musanaonetse wina aliyense. Wojambula amene sadziwa kutchula chimene chalakwika pa chithunzi chake amangosinthasintha manambala a kamera mwachisawawa, ndipo kenako amayamba kukhulupirira kuti yankho lili m'sitolo.

Tiyambe ndi chithunzi cha mayi amene wanyamula beseni la usipa ku Senga Bay. Munachijambula m'mawa mutayang'ana kunyanja, ndipo poti nyanja ili kum'mawa kwa Salima, dzuwa linali kumbuyo kwa mayiwo, kuwala kwake kukunyezimira pamadzi ndi pamchenga. Kamera ikamayeza kuwala siidziwa kuti chofunika kwa inu ndi nkhope. Imangosonkhanitsa kuwala konse kwa m'chithunzi n'kuyesa kukufikitsa pakatikati, posawala kwambiri komanso posada kwambiri. Ikaona madzi owala, mchenga woyera ndi thambo, imaganiza kuti kuwala kwachuluka, choncho imachepetsa, ndipo woyamba kuvutika ndi munthu wa khungu lakuda amene waima kutsogolo kwa zonsezo. Kamera yanu sinawonongeke ayi, inachita zimene inapangidwira.

Njira yofulumira ndi batani lolembedwa +/- limene lili kumbuyo kwa kamera. Mukaligwira n'kuzungulitsa kagudumu, mumauza kamera kuti iwonjezere kuwala pa muyezo umene yasankha. Pamalo ngati amenewo yambani ndi +1, jambulani, kenako kulitsani nkhope pa sikirini muone ngati maso ndi masaya zikuoneka. Dziwani kuti thambo lidzayera kwambiri, mwinanso kutheratu mtundu, chifukwa kamera siingasunge mdima ndi kuwala pamodzi monga limachitira diso la munthu. Apa mpofunika kusankha, ndipo ine ndimasankha nkhope. Cholinga si kuyeretsa khungu la munthu, chifukwa chithunzi chimene chasandutsa mayi wa ku Salima kukhala wotuwa chanama. Cholinga n'chakuti khungu likhale ndi mtundu wake weniweni, kunyezimira kwa thukuta kuoneke, ndipo maso alankhule. Mukamajambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona, m'malo mwa JPEG wamba, mudzakhala ndi mpata wobweza zina za m'mithunzi pa kompyuta, koma musadalire zimenezo kwambiri, chifukwa mithunzi yokwezedwa mopitirira pa kamera zakalezi imatuluka ndi timadontho tonyansa.

Njira yachiwiri ndiyo yabwino koposa, ndipo siifuna batani lililonse. Mukanayenda masitepe ochepa n'kuima chakumadzi, nsana wanu utaloza kunyanja, dzuwa likanawala pankhope pa mayiwo, ndipo kumbuyo kwawo kukanakhala mathandala a usipa ndi mitengo, zinthu zosawala ngati madzi. Kukakhala kuti mukufuna nyanja ionekenso, imani cham'mbali kuti kuwala kubwere chopingasa, mbali imodzi ya nkhope iwale ndipo ina ikhale mumthunzi pang'ono. Madzulo zinthu zimatembenuka: dzuwa limakhala kumtunda, choncho mukhoza kuyang'ana kunyanja nkhope za asodzi okonza maukonde zikuwala bwinobwino. Ngati mwasankha dala kuti anthu aoneke ngati zithunzithunzi zakuda patsogolo pa madzi owala, palibe cholakwika, koma pamenepo chepetsani kuwala kufika -1, ndipo dikirani mpaka matupi atalikirane kuti mkono, nkhafi ndi bwato zisagundane n'kukhala chinthu chimodzi chosadziwika. Chithunzi chanu chinaima pakati, nkhope yosaoneka koma yosaderatu, ndipo woona sadziwa chimene munkafuna.

Kuno kwathu nkhani ya nthawi ndi yaikulu kuposa mmene amaifotokozera ojambula a kumayiko ozizira. Salima ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, choncho dzuwa limakwera msanga, ndipo masana, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, limakhala paliwombo penipeni. Kuwala kochokera pamwamba kumasiya maenje akuda m'maso ndi pansi pa chibwano, ndipo munthu wovala chipewa amatsala wopanda nkhope. Nthawi yabwino ndi yochepa: kuyambira dzuwa likangotuluka mpaka cha m'ma 8 koloko, ndiponso kuyambira cha m'ma 4 koloko mpaka kulowa kwa dzuwa, kumene kuno kumatsatidwa ndi mdima mwamsanga. Komabe sindikunena kuti masana muziika kamera m'chikwama. Pitani m'makonde a masitolo ndi m'mashedi a mumsika, ndipo funani anthu amene akhala m'mphepete mwa mthunzi atayang'ana kunja. Dothi lowala la panja limabweza kuwala kofewa kumaso kwawo, pomwe m'kati mwa sitolo kumbuyo kwawo mumakhala mdima wabwino wobisa zosafunika. Telala wa pakhonde nthawi ya 12 koloko amakhala ndi kuwala kumene ojambula a m'situdiyo amakufunafuna ndi magetsi odula.

Chithunzi chachiwiri ndi cha wakabaza amene wanyamula mayi ndi mtolo wa nzimbe. Musanakonze chimbuuzi muyenera kudziwa mtundu wake, chifukwa chimabwera m'njira zitatu zosiyana. Ngati njinga yokha ndiyo yafufutika koma makoma ndi zikwangwani zikuoneka bwino, ndiye kuti shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, inatseguka nthawi yaitali kuposa liwiro la njingayo. Ngati chilichonse chafufutika mofanana, ngati kuti chakokedwa mbali imodzi, ndiye kuti dzanja lanu linagwedezeka. Ngati njinga siikuoneka bwino koma khoma la kumbuyo lili lakuthwa, popanda chizindikiro cha kukokeka, ndiye kuti fokasi inagwera pakhoma. Chanu ndi cha mtundu woyamba. Chithunzi chilichonse chimasunga manambala amene chinajambulidwira, ndipo chanucho chikuonetsa 1/80 ya sekondi. Pa liwiro limenelo ngakhale munthu woyenda pansi mofulumira amafufutika manja. Woyenda pansi amafuna 1/250, ndipo njinga yodutsa chopingasa pafupi nanu imafuna 1/500 kapena 1/1000.

Kuti musamavutike ndi manambala pamene moyo ukudutsa, konzani kamera musanatuluke pakhomo. Ikani pa Av, pamene inu mumasankha kukula kwa kabowo ka lenzi ndipo kamera imasankha liwiro, sankhani kabowo ka f/8, ndipo ISO, nambala yosonyeza mmene kamera ikumvera kuwala, ikhale 400. Padzuwa lamphamvu kamera idzasankha yokha liwiro la pafupifupi 1/1600, ndipo mumthunzi wa panja lidzatsikira cha m'ma 1/200. Mukalowa mumsika mkati kwezani ISO kufika 800 kapena 1600 mopanda mantha, chifukwa chithunzi chokhala ndi timadontho koma chakuthwa chimaposa chosalala chofufutika. Pali lamulo lakale la m'nthawi ya mafilimu limene likuthandizeni kudziwa ngati kamera ikukunamizani: padzuwa loswa mtengo, pa f/16, liwiro loyenera limafanana ndi nambala ya ISO, kutanthauza kuti ISO 100 imapita ndi 1/100 kapena 1/125. Mukatsegula kabowo ka lenzi kufika f/8 mwalowetsa kuwala kochuluka kanayi, choncho liwiro limakwera kufika 1/400 kapena 1/500.

Chifukwa chosankhira f/8 ndi chakuti kabowo kakang'ono kamakulitsa dera limene zinthu zimaoneka zakuthwa. Ikani lenzi yanu pa 24mm, imene pa kamera ngati yanu imaona mofanana ndi 38mm ya pa kamera za sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaikulu. Lozani chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 3, kamera igwire fokasi, kenako sunthani kabatani ka pa lenzi kuchoka pa AF (fokasi yodzifunira yokha) kupita pa MF (fokasi ya pamanja). Tsopano chilichonse kuyambira mamita 2 mpaka kupitirira mamita 10 chidzaoneka bwino, ndipo mukadina kamera idzajambula nthawi yomweyo osayamba yafunafuna. Muzingoonanso kawirikawiri kuti mphete ya fokasi sinasunthe. Mukadzazolowera, yesaninso zosiyana ndi zimenezi: ikani pa Tv, pamene inu mumasankha liwiro, sankhani 1/30, ndipo tsatirani wakabaza ndi thupi lonse kuyambira m'chiuno, kudina mukuzungulirabe. Zambiri zidzawonongeka, koma chimene chagwira chidzaonetsa munthu wakuthwa ndi tauni yonse ikuthamanga kumbuyo kwake. Chimbuuzi chosankha dala chotere n'chosiyana kwambiri ndi changozi.

Chachitatu, cha mumsika, ndicho munachidandaula kwambiri, koma kwa ine ndicho chili ndi moyo kuposa zinzake. Pakati pake pali mtsikana amene akuwerenga ndalama mayi wogulitsa tomato akumuyang'ana m'manja mwachidwi, ndipo pamenepo ndi pamene pali nkhani. Tsoka lake anthu awiriwa atenga kachigawo kakang'ono, ndipo malo otsala adzaza ndi theka la minibasi, chigongono cha munthu wosaoneka, ndi mtengo wa magetsi umene ukuoneka ngati wamera pamutu pa mayiwo. Msika sunalakwe pokhala wodzaza. Inu munaima patali, ndipo munayang'ana pakati pokha osayendetsa diso m'mphepete mwa chithunzi. Diso la munthu limasankha lokha chimene likufuna n'kuiwala zina, koma kamera imalemba zonse mofanana. Mukanayandikira masitepe atatu n'kunjuta kuti kamera ifanane ndi manja awo, minibasi ikanatuluka, mtengo ukanachoka pamutu, ndipo milu ya tomato ikanakhala kutsogolo n'kutsogolera diso ku ndalamazo.

Chizolowezi chimene chimathetsa vuto limeneli ndi kuyamba ndi kumbuyo. M'malo mothamangitsa anthu ndi kamera, pezani kaye khoma la mtundu umodzi, chitseko cha chigayo, kapena mpata umene kuwala kukulowera pakati pa mashedi, konzani chithunzi chanu chopanda munthu, ndipo dikirani woyenera alowemo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaima malo amodzi kwa mphindi 20 anthu amatopa nanu n'kubwerera ku ntchito zawo, ndipo inu mumayamba kudziwiratu pamene wonyamula thumba adzadutse ndi pamene mwana adzatembenuke. Munthu akalowa musajambule kamodzi n'kuchoka. Jambulani kangapo, mukusuntha pang'ono, chifukwa kusiyana kwa chithunzi chabwino ndi chachabe nthawi zambiri ndi phazi limene lili m'mwamba kapena nkhope imene yatembenuka theka.

Tsopano mukhoza kuona chifukwa chake lenzi ya 300mm ikanangowonjezera mavuto. Pa kamera yanu imaona ngati 480mm, choncho kugwedezeka pang'ono kwa dzanja kumakula, ndipo mumafunika 1/500 ngakhale pojambula munthu woima. Zotsika mtengo zimangotseguka kufika f/5.6 zikatambasulidwa, ndiye mumthunzi wa mumsika zimasowa kuwala. Zimapanikizanso zinthu zakutali ndi zapafupi kukhala ngati zili pamzere umodzi, ndipo masana otentha mpweya wovinavina pamwamba pa tala umafewetsa chilichonse chakutali. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Munthu woima kuseri kwa galimoto ataloza chilenzi chachitali kwa amayi a mumsika amaoneka ngati kazitape, ndipo zithunzi zake zimaonekanso choncho, zozizira, za munthu wosuzumira. Malick Sidibé wa ku Mali, amene analandira mphoto ya Golden Lion pa chionetsero cha zaluso cha ku Venice mu 2007, anatchuka ndi zithunzi za achinyamata a ku Bamako m'madansi ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Niger, ndipo mphamvu yake inali yakuti anthuwo ankamudziwa ndi kumuitana okha. Inu muli ndi mwayi womwewo, umene mlendo wodzacheza ku Senga Bay sangaugule: mumalankhula chinenero cha anthu anu ndipo mawa mudzakhala muli pompano.

Choncho perekani moni kaye, kamera ili poonekera. Nenani chimene mukuchita ndi kumene chithunzicho chidzapite, ndipo wokana musamukakamize kapena kumuba chithunzi atatembenuka. Ena adzaima chilili ngati pa chithunzi cha chiphaso. Ajambuleni chimenecho, aonetseni, pitirizani kucheza, ndipo chithunzi chenicheni chidzabwera akabwerera ku malonda awo. Ana musawajambule popanda kholo, ndipo kunyanja kumene anthu akusamba kamera iloze pansi. Pafupi ndi mzikiti kapena tchalitchi pemphani kwa akuluakulu a pamalopo. Kumbukiraninso kuti m'boma la Salima muli asilikali ambiri, kuli sukulu yawo ya MAFCO ndiponso asilikali a parachuti ku Senga Bay, choncho malo awo, magalimoto awo ndi marodibuloko a apolisi musaziloze n'komwe. Wina akapempha ndalama, ine ndimaona kuti kugula tomato wake kapena kumubweretsera chithunzi chotsukidwa kumamanga ubale wokhalitsa kusiyana ndi kulipira pa chithunzi chilichonse, zimene zimachititsa kuti ulendo wotsatira aliyense azichita sewero pamaso panu.

Zonse ndanenazi zachokera pa kuyang'ana zithunzi zitatu mofatsa, ndipo ntchito imeneyi muyenera kuiphunzira nokha. Anzanu a pa WhatsApp sakukunamizani mwadala. Amakukondani, ndipo pachikhalidwe chathu kuloza cholakwa pa ntchito ya mnzako pagulu kumaoneka ngati mwano, koma mawu akuti zili bwino sakuuzani choti musinthe mawa. Woyamba kuunika akhale inu. Musasankhe zithunzi tsiku lomwe mwajambula, chifukwa mumakhala mukukumbukira fungo la nsomba, nthabwala ya wogulitsa ndi kutopa kwanu, zinthu zimene woona sadzazipeza m'chithunzimo. Pakapita sabata tsegulani zonse pa kompyuta, ndipo pa chilichonse dzifunseni kuti diso lanu lagwera pati poyamba, ngati pamenepo ndi pamene munkafuna, ndiponso chimene mungachotse popanda nkhani kuwonongeka. Chimene chalephera musachifufute msanga. Onani manambala ake, ndipo lembani m'kope chiganizo chimodzi chotchula chifukwa: ndinaima patali, dzuwa linali kumbuyo, liwiro linachepa. Pakatha mwezi mudzapeza kuti chifukwa chimodzi chikubwerezabwereza, ndipo chimenecho ndicho phunziro lanu lotsatira. Kutaya zambiri si chizindikiro cha kulephera. Robert Frank anajambula zithunzi zoposa 27,000 poyendayenda m'dziko la America m'ma 1950, ndipo m'buku limene linatuluka pa ulendowo munalowa 83 zokha.

Kenako pezani anthu atatu kapena anayi, osati gulu lalikulu, muzikumana kamodzi pamwezi aliyense atabweretsa zithunzi zisanu. Ngati n'kotheka zitsukeni pa pepala, ngakhale zazing'ono, chifukwa pa foni chala chimathamangira chotsatira, pomwe mapepala oyalidwa patebulo amakakamiza anthu kuyerekeza ndi kusanja. Mwini chithunzi akhale chete poyamba. Enawo ayambe ndi kunena zimene akuona, asanafike ponena ngati achikonda, ndipo akatero mwiniyo anene chimene ankafuna. Mpata umene uli pakati pa zimene ankafuna ndi zimene anzake aona ndiwo phunziro lonse la tsikulo. Wodzudzula aloze malo enieni n'kupereka chochita, monga kunena kuti chidebe choyera cha kumanzerechi chikukoka diso kuposa nkhope, ukanasunthira kumanja. Mawu ongoti sichikundisangalatsa ndi opanda ntchito mofanana ndi akuti zili bwino. Inunso mukamapempha maganizo musafunse kuti chili bwanji. Funsani kuti mwa ziwirizi chabwino n'chiti ndipo chifukwa chiyani, pakuti munthu amene sangayerekeze kunyoza chithunzi chanu amasankha mosavuta pakati pa ziwiri, ndipo posankhapo amaulula zimene akuona.

Si ndemanga iliyonse imene muyenera kuitsatira. Ya luso la kamera, monga fokasi yophonya, ilandireni mosatsutsa. Ya kakomedwe, monga wina kufuna mitundu yowala kwambiri kapena kunena kuti munthu azikhala pambali nthawi zonse osati pakati, imvereni koma muiyese ndi cholinga chanu. Anthu atatu osapangana akaloza malo amodzi, pamenepo pali vuto ndithu, ngakhale mankhwala amene akupereka atakhala olakwika. Pali ounika ena amene ojambula ambiri amawaiwala, omwe ndi anthu ojambulidwawo. Msodzi akaona chithunzi chake adzakuuzani kuti munajambula ukonde utatha kale kukokedwa, kapena kuti mwaonetsa bwato lopanda kanthu ngati kuti tsikulo sanaphe, ndipo zimenezi palibe katswiri wa kamera angakuuzeni. Samalani kwambiri ndi zithunzi zimene zimangoonetsa umphawi wa anthu, chifukwa zimakopa ndemanga zambiri pa Facebook koma nthawi zambiri eni ake sazizindikira ngati moyo wawo.

Kwa mwezi ukubwerawu mangani lenzi yanu pa 24mm ndi kachidutswa ka tepi, sankhani malo amodzi okha, kaya pa depoti kapena mzere umodzi wa mumsika, ndipo muzipitako m'mawa ndi madzulo. Ndalama imene munasungira lenzi ija mugulire batire lachiwiri, khadi lina losungira zithunzi, kampira kopemerera fumbi poti nyengo ya mwera mchenga umalowa paliponse, ndipo yotsalayo mutsukire zithunzi za gulu lanu ndi za anthu amene mwawajambula. Mukadzalembanso, musadzanditumizire chabwino chokha. Mudzatumize zithunzi khumi zotsatizana za chochitika chimodzi, zolephera zomwe, pamodzi ndi manambala ake, kuti tidzaone pamene munaima, pamene munasunthira, ndi chifukwa chake munasiya kujambula pamene munasiyira.